Tizilombo ta kolera timadziwa kuwerengana

Mliri wa kolera umene unayambira ku Machinga mu Marichi 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno usanazilale. Tinalankhula zambiri za zitsime, zimbudzi ndi mankhwala othira m'madzi, ndipo zinali zoyenera. Koma kachilombo kenikeniko, Vibrio cholerae, timangokatenga ngati litsiro loyandama m'madzi. Apa ndikuona kuti tikudzimana.

Tizilomboti timawerengana. Kalikonse kamatulutsa timankhwala totchedwa CAI-1 ndi AI-2, ndipo kamamvanso kuchuluka kwa timankhwalato pamene kali. Tikachepa, kamadziwa kuti anzake ndi ochepa. Tikachuluka, kamadziwa kuti malo adzaza.

Mu 2004, gulu la Bonnie Bassler ku Princeton linapeza kuti uthenga wa chiwerengerochi umadutsa mu timizere tinayi tifupitifupi ta RNA totchedwa Qrr. RNA imene ambiri tinaphunzira kusukulu imanyamula malangizo opangira mapuloteni. Timizere iti sitinyamula malangizo otere. Zilembo zake zimagwirizana ndi za uthenga wopangira puloteni ya HapR, choncho timaumamatira monga mano a zipi amalumirana, mothandizidwa ndi puloteni ina, Hfq. Uthenga womamatiridwawo suwerengekanso, umangowonongeka. Ndiyo ntchito ya antisense RNA: kutseka pakamwa uthenga wina.

Chimene chimandizunguza mutu ndi ichi. Tizilombo tikakhala tochepa m'matumbo, Qrr amapangidwa ambiri, HapR sapezeka, ndipo m'pamene timakakamira kukhoma la matumbo n'kuyamba kutulutsa poizoni wotsegula m'mimba. Tikachulukana, Qrr amaleka, HapR amatulukira n'kuletsa poizoniyo, tizilombo timamasuka n'kutuluka ndi chimbudzi chija chonga madzi otsukira mpunga. Staphylococcus aureus, kachilombo ka zithupsa, kamachita mosiyana: kamadikira kachuluke kaye, kenako RNA yake yotchedwa RNAIII imayatsa poizoni. Kolera amapweteka akadali wochepa, akachuluka amasamuka kukafuna munthu wina. Wosamalira wodwala akamachapa zofunda popanda klorini, akugwira gulu limene lanyamuka kale ulendo.

Ndiye funso limabwera lokha: bwanji osanamiza tizilomboti? Mutathira CAI-1 m'matumbo tizilombo tisanachuluke, tingaganize kuti malo adzaza n'kusiya msanga. Ofufuza a ku Cornell anayesa zimenezi mu 2010 pa ana a mbewa, powamwetsa mabakiteriya osavulaza opanga CAI-1, ndipo ambiri anapulumuka. Mbewa si munthu, inde, ndipo mankhwala otere kuchipatala kulibe. Wotsegula m'mimba lero amwe Thanzi ORS, athamangire kuchipatala. Komabe njirayi ndimaikonda chifukwa siipha kachilombo, imangokasokoneza, pamene mankhwala opha tizilombo akunka nafooka chifukwa chowamwa mwachisawawa.

Ena adzati izi n'za mayiko olemera, ife tikumbe kaye zimbudzi. Tikumbe ndithu. Koma mitundu ya kolera siifanana: ina ili ndi HapR wowonongeka, ndipo yotereyo simungainamize ndi CAI-1. Mankhwala amene angapangidwe poyesa tizilombo ta kumayiko ena ayenera kuyesedwanso pa tizilombo totengedwa mwa odwala a ku Mangochi ndi Nsanje. Ntchito imeneyi ndi ya ophunzira athu a ku yunivesite ya KUHeS, ndipo boma likamagawa ndalama zolimbana ndi kolera, liziikako gawo la labotale.