Dracula wa m'sitolo sangafanane ndi wosokedwa pakhomo

Mwezi wa Okutobala ukangolowa, masitolo a ku Britain ndi ku America amadzaza ndi timatumba ta zovala za Halloween, chikondwerero cha pa 31 Okutobala pomwe ana ndi akulu omwe amavala ngati mizukwa, ndipo chovala chosasowa ndi cha vampire, mtembo wa m'nthano za ku Ulaya umene amati umadzuka usiku kukayamwa magazi a amoyo. Chonyansa kwambiri m'timatumbamo ndi mano apulasitiki aja, amene sakhala bwino m'kamwa ndipo amachuchitsa dovu, mpaka wowavala kulephera ngakhale kupereka moni.

Chomvetsa chisoni n'chakuti manowo si amene anatchukitsa Dracula, vampire wodziwika kwambiri. M'buku la Bram Stoker la 1897, Dracula amayamba kuoneka ngati nkhalamba ya ndevu zoyera zazitali zapamlomo, yovala zakuda zokhazokha. Mkanjo wopanda manja wa kolala yoimirira unatchuka ndi sewero la Hamilton Deane la 1924, ndipo kolalayo inali ndi ntchito yake, yobisa mutu wa wosewera pamene ankazemba kudzera pachibowo cha pansi kuti oonerera aziti wangozimiririka. Bela Lugosi, amene anasewera Dracula m'filimu ya 1931, sanaonetse mano akuthwa. Anaopseza anthu ndi suti yabwino, tsitsi lopesera kumbuyo ndi maso okha.

Zonsezi munthu ali nazo kale m'nyumba, ndipo akuluakulu sananame kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Malaya oyera ndi thalauza lakuda zili m'sutikesi. Nsalu yakuda ya mamita awiri, kapena katani yakale, ikapindidwa m'mphepete n'kusokeredwa nsalu yofiira mkati imasanduka mkanjo, ndipo kolala imaima njo mukaikidwa kachidutswa ka katoni. Kumaso n'kumene ambiri amalakwitsa, chifukwa phawuda yoyera pa khungu lakuda imaoneka ngati phulusa la pamoto, pomwe chofunika ndi mtundu wotuwirako pang'ono kuposa khungu, ndi pensulo ya nsidze yodetsera m'munsi mwa maso ndi m'masaya. Magazi abodza amapangidwa posakaniza manyuchi a shuga, utoto wofiira wa zakudya ndi koko pang'ono, kokoyo ndiye amachotsa kuwala kuti aoneke enieni.

Vuto lenileni ndi mbadwo umene wataya singano ndi ulusi, umene batani likathothoka umataya malaya onse. Nsalu zam'timatumba zija n'zapulasitiki, zimavalidwa usiku umodzi n'kukathera kudzala, komanso zina zimayaka msanga. Mu 2014 mwana wa Claudia Winkleman, muulutsi wa BBC, anapsa kwambiri chovala chake chogula cha Halloween chitakhudza kandulo. Kholo losoka lokha limasankha nsalu yokhuthala, ndipo limadula mkanjo kuti usakwekwerezeke pansi pomwe pali makandulo.

Kwa Amalawi okhala ku London kapena Manchester amene ana awo amaumirira chovalachi, nkhani ya oyamwa magazi siyingakhale yamasewera chabe, pakuti mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu osalakwa m'chigawo chakummwera, mpaka bungwe la United Nations linachotsa antchito ake ku Mulanje ndi ku Phalombe. Mwanayo amusokere mkanjo wake bwinobwino, koma mkanjowo usalowe m'katundu wopita kumudzi, ndipo zithunzi zake zisatumizidwe kwa agogo popanda kufotokoza.