ZA MASEWERA: Ndale Imene Inatsala mu Nkhonya za ku France

Munthu akakweza mwendo kuti amenye mnzake thece, amatsala ataimira mwendo umodzi ngati kakowa m'dambo. Pa kanthawi kameneko ngakhale mwana angathe kumgwetsa. Nkhani yaing'ono imeneyi yakhala ikuvutitsa aphunzitsi a savate, nkhonya za ku France zomenyana ndi manja ndi mapazi omwe, kwa zaka pafupifupi 200.

Liu lakuti savate litanthauza nsapato yakutha, ndipo ndi pacibale ndi liu la Cipwitikizi lakuti sapato, kumene kunacokera liu la Cinyanja lakuti nsapato. Dzinali likuulula kwao kwa masewerawa. Anabadwira m'makwalala a anthu osauka a mu Paris, kumene ndeu inalibe woweruza. Kumeneko munthu anali kumenya mnzake m'misongolo ndi nsapato, kumgwira mwendo, kumchera ndale, ndi kumgwetsera pa miyala. Kugwa pansi ndiko kunali kutha kwa ndeuyo, ndipo nthawi zina kwa moyo womwe.

Ca m'ma 1825 Michel Casseux anatsegula nyumba yophunzitsiramo savate mu Paris. Wophunzira wake, Charles Lecour, ataona ukatswiri wa Angerezi pa zibakera, anauphatikiza ndi matece m'zaka za m'ma 1830. Koma aphunzitsi oyambawa sanataye nzeru ya m'khwalala. Ngakhale Joseph Charlemont, amene buku lake lalikulu linatuluka mu 1899, anali kuphunzitsa kugwira mwendo wa mdani uli m'mwamba ndi kumgwetsa nao, ndiponso kupulumuka ngati wako wagwidwa. Cifukwa cake ncoonekeratu: wophunzira amene aponya matece okongola osadziwa coyenera kucita mwendo wake ukagwidwa, waphunzira kuvina cabe.

Kugwira ndi kugwetsa ndi nchito ya akatswiri a masewera ogwetsana, ndipo dziko la France linali nao ambiri. M'zionetsero za m'misika amuna amphamvu anali kuitana aliyense wodzimva mphamvu kuti alowe m'bwalo. Mu 1848 Jean Exbroyat, amene kale anali msilikali, anaika lamulo kwa gulu lake lakuti asagwirane kunsi kwa ciuno. Kugwetsana kumeneku ndiko kunadzachedwa Greco-Roman, ngakhale kuti kunakulira m'misika ya ku France, osati ku Athens kapena ku Rome. Ndale inaletsedwamo, ndipo njoletsedwa kufikira lero.

Tsono apa mpamene pali zodabwitsa. Masewera awiri a dziko limodzi anagawana thupi la munthu monga anthu agawana nyama. Ogwetsana anatenga mikono ndi cifuwa nasiya miyendo. A savate anatenga miyendo, ndipo m'kupita kwa zaka anasiya kugwira. Luso lakale logwira mwendo ndi kugwetsa munthu linatsala pakati lopanda mwini.

Ku Brittany, kumadzulo kwa France, alimi sanagawe cotero. M'masewera ao ochedwa gouren, amene anaikidwa malamulo atsopano mu 1930, anthu agwirana malaya olimba, ndipo wina apiringiza mwendo wake pa mwendo wa mnzake kuti amgwetse cagada, mapewa onse awiri pansi. Woona angazindikire kuti nzeru yake ndi imodzi ndi ya m'makwalala a Paris: cotsa mwendo umene munthu watsamirapo.

Aphunzitsi anali ndi cifukwa cosiyira kugwira. Anafuna kuti savate ilemekezedwe pamaso pa anthu olemera ndi akulu a asilikali, isaoneke ngati ndeu ya ku mowa. Ndiponso pamene kugwira mwendo kuloledwa, palibe amene alimba mtima kuponya thece lapamwamba, ndipo oonerera abwerera kwao osakhuta. Masewerawo anakongola ndithu, kotero kuti anaonetsedwa pa masewera a Olympic mu Paris mu 1924. Koma amene anali kuopa acifwamba a mu mzindamo anaona kuti kukongolako sikuteteza cikwama. Acifwambawo anali ndi njira yao yochuka: mmodzi aponya mpango m'khosi mwa munthu kucokera kumbuyo, namubereka kumsana miyendo ili lende, mnzake akupisa m'matumba. Cotero panabuka maphunziro apadera odzichinjirizira m'khwalala, ndipo Jean Joseph-Renaud analemba buku la zimenezi mu 1912. Lero gawo lochedwa savate défense lisungabe kugwira ndi kugwetsa.

M'bwalo la mpikisano munatsala ndale imodzi yokha, imene eni ake aicha coup de pied bas. Womenya atsamira cammbuyo, nasesa ndi m'mphepete mwa nsapato mwa mkati, kunsi kwa bondo la mnzake. Kugwira ndi dzanja nkoletsedwa, kumenya ndi bondo kapena msongolo nkoletsedwanso. Cotero mphamvu sizithandiza kweni-kweni, cofunika ndi diso. Katswiri adikira mpaka mnzake atayamba kuponda, kulemera kwa thupi kusanakhazikike pa phazi lakutsogolo, kapena mwendo wina uli m'mwamba. Akacedwa pang'ono cabe, nsapato yake igunda mwendo wozika ngati citsa, ndipo cibakera ca mnzakeyo cimpeza pa cibwano.