BOMBA LA M'GALIMOTO SILISANKHA MUNTHU

M'mawa wa pa 18 March 1975, anthu a ku Chilenje South mu Lusaka anadzidzimuka ndi phokoso loopsa. Bambo Herbert Chitepo, wapampando wa cipani ca ZANU, anali kucoka pakhomo pao m'galimoto yao ya Volkswagen pamene bomba limene adani anachera usiku linaphulika. Iwo anafa pamodzi ndi mlonda wao, Silas Shamiso. Mwana wa m'nyumba yoyandikana, amene sanali kudziwa kanthu za nkhondo ya ku Rhodesia, nayenso anavulala n'kumwalira.

Anthu a m'midzi ayenera kuimvetsa bwino nkhani imeneyi, pakuti ambiri ali ndi ana ndi abale ku Kanyama, Matero, Chawama, Kalingalinga, Mtendere ndi George. M'zaka zimenezo Zambia inalandira omenyera ufulu a ZANU, ZAPU, ANC ndi SWAPO, ndipo ambiri a iwo anali kukhala pakati pa anthu wamba. Ku komboni nyumba ndi zothithikana, ana amasewera m'miseu, amai amagulitsa malonda pakhomo. Bomba likaphulika pamalo otero, zitsulo za galimoto zimauluka ngati mipaliro ndi kulasa aliyense, pamene wochera bombalo ali kale kutali.

Kuipa kwina kwa cida cimeneci n'kwakuti cimabisa mwini wake ndi kusiya cikayiko pakati pa abale. Kumapeto kwa 1974 munabuka mkangano m'gulu la nkhondo la ZANU, wotsogoleredwa ndi Thomas Nhari, ndipo mwazi unakhetsedwa. Motero Bambo Chitepo ataphedwa, apolisi a Zambia anamanga atsogoleri ambiri a cipanico, kuphatikizapo Josiah Tongogara. Pulezidenti Kenneth Kaunda anakhazikitsa bungwe lofufuza, lotsogoleredwa ndi Bambo Reuben Kamanga, ndipo mu 1976 bungwelo linanena kuti imfayo inacokera m'mikangano ya m'kati mwa ZANU. Koma mu 1985 atolankhani David Martin ndi Phyllis Johnson analemba buku lonena kuti akazitape a boma la Ian Smith ndiwo anachera bombalo. Mpaka lero anthu akali kutsutsana.

Cosatsutsika n'cakuti amene anapindula ndi atsamunda. Tongogara anakhala m'ndende kufikira October 1976, nkhondo ya ufulu inabwerera m'mbuyo, ndipo anthu amene anali kudyera mbale imodzi anayamba kuopana. Zipsera zisanapole, pa 22 January 1977, Bambo Jason Moyo a ZAPU anaphedwanso mu Lusaka ndi bomba lobisidwa m'phukusi.

Ngakhale omenyera cilungamo, akagwira cida cimeneci, amakhetsa mwazi wa osalakwa. Pa 20 May 1983 asilikali a ANC, cipani cimene likulu lake linali mu Lusaka, anaphulitsa galimoto pafupi ndi likulu la asilikali a ndege mu Pretoria. Anthu 19 anafa ndipo oposa 200 anavulala, ambiri mwa iwo odutsa m'njira. Tsankho la ku South Africa linali loipa kwambiri, koma bombalo silinafunse amene anali kulikonda ndi amene anali kulida.

Mcitidwe umenewu sunathe mu Africa. Ku Somalia, kumene nkhondo ya paciweniweni yatenga zaka zambiri, lole yodzaza mabomba inaphulika pamphambano ya miseu mu Mogadishu pa 14 October 2017 ndi kupha anthu oposa 500. Boma la dzikolo linaloza cala zigawenga za al-Shabaab. Ambiri mwa akufawo anali ogulitsa malonda, oyendetsa magalimoto ndi apaulendo.

Mamembala a cipani, ku mudzi ndi ku tauni komwe, ali ndi nchito ziwiri. Yoyamba ndi kuthetsa mikangano yao poyera, pamsonkhano, pamaso pa anthu, cifukwa mdani amalowera pamene abale asungirana cakukhosi. Yaciwiri ndi kukhala maso: galimoto yosadziwika ikasiyidwa pamsika kapena phukusi lopanda mwini likapezeka pa siteshoni ya basi, anthu asazigwire, koma auze mfumu kapena apolisi msanga. Akulu anati cakudza siciyimba ng'oma. Zambia inapereka mwazi wa ana ake kuti anansi amasulidwe. Mtendere umene ili nao uyenera kusungidwa ndi munthu aliyense.