Minibasi ikakana kulira, musathamangire kugula batire

Amene mumakwera minibasi pa Mponela, kaya yolowera ku Madisi mumsewu wa M1, kaya yokhotera ku Ntchisi, munazionapo izi. Anthu adzaza, dalaivala apotoza kiyi, chomveka n'kungoti "tiki" basi. Kondakitala n'kuyamba kuchonderera kuti abambo mutsike mukankheko. Chodabwitsa n'choti minibasi yomweyo dzulo inalira kamodzin'kamodzi.

Sabata yatha ndinakankha nawo Hiace ina yakalekale. Titakweranso, mkangano unabuka. Wina akuti batire latha, wina akuti sitata, mayi ena akuti anzawo apasiteji anaikhwimira. Dalaivala anangoti: "Batire ndagula mwezi wathawu, koma palibe chasintha." Apa ndiye pagona nkhani yanga. Vuto lobwera n'kupita silitha ndi kugula zinthu mongolota, limatha ndi kuyeza. Ndipo physics yake muli nayo kale m'makope mwanu.

Tiyambe ndi kukankhako. Galimoto ikalira poikankha, ndiye kuti mafuta akufika ndipo injini ili bwino, chifukwa okankhawo angogwira ntchito ya sitata. Choncho vuto tilisake pa batire, mawaya, kiyi ndi sitatayo.

Sitata imadya magetsi koopsa. Imatha kukoka ma amp 200 kapena kuposa pa batire la ma volt 12. Tsopano kumbukirani lamulo la Ohm, V = IR. Tiyerekeze kuti pamutu pa batire pachita zoyera zangati ufa zija, ndipo resistance yafika 0.02 ohm. Kanambala kochepa, eti? Koma 200 × 0.02 ndi ma volt 4 otayika pomwepo, sitata n'kutsala ndi 8 kapena ochepera. Nyali zakutsogolo zimakoka ma amp pafupifupi 10, ndiye zimangotaya 0.2. N'chifukwa chake nyali zimayaka, wailesi imalira, koma injini zii. Onaninso P = I²R: pakutuluka ma watt 800, moti mutu wa batirewo umatentha.

Nanga bwanji lero ikulira mawa n'kukana? Chomangira waya chikakhwepa, mabampu amachigwedeza: pena chigwira bwino, pena ayi. Kuzizira kwa m'mawa mu June ndi July kumapiri a Dowa ndi Ntchisi nako kumawonjezera, poti batire likazizidwa limapereka mphamvu zochepa, pomwe oyilo walimba ndipo injini ikulemera kuizunguza.

Ndi multimeter mutha kudziwa zoona. Batire lodzaza, galimoto itazima, limaonetsa pafupifupi 12.6 V. Popotoza kiyi lisatsike kwambiri kupitirira pa 10 V. Injini ikamalira muone pafupifupi 14 V, kusonyeza kuti alternator ikutchaja. Kenako ikani waya mmodzi wa multimeter pamutu pa batire, winayo pachomangira chake, wina apotoze kiyi. Pafunika paoneke nambala yoyandikira ziro. Waya wa earth wopita ku injini muuyezenso chimodzimodzi. Muzilemba tsiku, nthawi, kunja kunali bwanji ndi phokoso lomwe linamveka, ndipo muzisintha chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, ngati mu labu.

Ena anena kuti dalaivala alibe nthawi ya zimenezi, madzulo bwana akufuna ndalama yake. Zoona, ndipo sindikumunyoza. Koma kuyezaku n'kwa mphindi khumi, pomwe ndalama ya batire losafunikalo ikanalipira fizi ya mwana. Komanso kukankha galimoto mu M1, mathiraki akudutsa chapafupi, n'kuseweretsa moyo wa anthu.

Chenjezo: musakayese nokha popanda makaniko kapena munthu wamkulu wodziwa. M'batire muli asidi, ndipo limatulutsa mpweya wa hydrogen womwe umaphulika, ndiye fodya ndi moto zikhale kutali. Pomasula, yambani ndi waya wa negative.

Titafika pa Madisi ndinati: "Akulu, tandionetsani batire lanulo." Linalidi latsopano, lonyezimira. Koma chomangira cha negative ndinachizunguza ndi zala ziwiri zokha. Dalaivala anayang'ana kondakitala, kondakitala n'kuthamangira sipanala.