Chipwitikizi nachonso chinali cha kumudzi

Dzuwa likalowa ku Mecanhelas, m'dziko la Mozambique, mphunzitsi ndi wapolisi amalonjerana kuti "boa noite", pamene msodzi wa pa nyanja ya Chiuta, pokatchera ukonde wa matemba, amangoti kwada, wafika usiku. Ambiri amayesa kuti liwu loyambalo ndi la ophunzira ndipo linalo ndi la kumudzi, koma mbiri ikukana. Noite wa Apwitikizi ndi noche wa ku Spain ndi ana a bere limodzi, obadwa ku liwu la Chilatini loti noctem. Analipotoza ndi anthu wamba osadziwa kulemba: ku Spain "ct" anasanduka "ch", ku Portugal n'kukhala "it". N'chifukwa chake mkaka ndi leche uku, leite uko. Kwa zaka mazanamazana ansembe ndi alembi ankalemba Chilatini, n'kumaona kayankhulidwe ka anthuwa ngati kosayenera pepala. Makalata a boma la Portugal anakhazikika m'Chipwitikizi m'nthawi ya Mfumu Dinis, yemwe analamulira kuyambira 1279 mpaka 1325, ndipo galamala yoyamba ya Chisipanishi anaitulutsa Antonio de Nebrija mu 1492.

Tsono palibe chifukwa choti mwana wa m'mbali mwa Chiuta azichita manyazi ndi Chinyanja m'kalasi. Usiku wathu nawonso uli ndi abale ake, ubushiku wa Ababemba ndi ubusuku wa Azulu. Boma la Mozambique linayesa kale kuphunzitsa m'Chinyanja ku Tete pakati pa 1993 ndi 1997, ndipo mu 2003 linayamba kulowetsa ziyankhulo za m'dzikomo m'sukulu za pulayimale. Ntchitoyi iyenera kufika pa sukulu iliyonse ya m'mbali mwa nyanjayi.

Makolo ena amati ntchito ku Cuamba ndi ku Lichinga zimafuna Chipwitikizi. Akunena zoona, ndipo palibe akuti chichotsedwe. Koma mwana amene wadziwa kaye kuwerenga m'chiyankhulo chimene anayamwira amaphunzira chachiwiri akumvetsa, osati kungoloweza zimene aphunzitsi anena. Vuto lenileni ndi lakuti m'kalasi imodzi mumakhala ana a Chinyanja, a Chimakuwa ndi a Chiyao, mabuku ali ochepa. Ili ndi vuto la ndalama ndi la kusula aphunzitsi, ndipo pa Chinyanja poyambira palipo: kutsidya kwa nyanja yomweyo, ku Machinga m'dziko la Malawi, ana akhala akuwerenga mabuku a Chichewa kwa zaka zoposa 50, ndipo maboma awiriwa angathe kugwirizana posindikiza.