Mtima wa Ndege Uli M'manja mwa Makampani Anayi

Munthu akaima pa bwalo la ndege n'kumaonerera ndege ikutera, maso ake amathamangira ku dzina ndi mbendera zimene zalembedwa kumchira. Odziwako pang'ono amatha kunena kuti iyi ndi Boeing, iyo ndi Airbus. Ndi owerengeka okha amene amafunsa za zimigolo ziwiri zolendewera kunsi kwa mapiko, chonsecho ndizo zimene zimalamula ngati ndegeyo inyamuke kapena igone pansi. Tikunena injini. Lero tafuna kuti owerenga athu aganizire nafe za msika wa injini zimenezi, pakuti mavuto amene agwera makampani ambiri oyendetsa ndege m'zaka zapitazi, ena mwa iwo a muno mu Africa, gwero lake liri pa msika umenewu.

Pa dziko lonse lapansi, makampani amene agwira msika wa injini za ndege zikuluzikulu zonyamula anthu ndi anayi basi. Awiri ndi a ku America, GE Aerospace ya ku Ohio ndi Pratt & Whitney ya ku Connecticut; wachitatu ndi Rolls-Royce ya ku Derby m'dziko la Britain; wachinayi ndi Safran ya ku France. Ngakhale chiwerengero chimenechi n'chonyenga, chifukwa m'chaka cha 1974 GE ndi Safran, imene panthawiyo inkatchedwa Snecma, anagwirizana kukhazikitsa kampani imodzi ya CFM International, aliyense theka. Tsono wogula Boeing 737 MAX alibe chosankha: injini yake ndi LEAP ya CFM. Wogula Airbus A350 alandira Trent XWB ya Rolls-Royce, afune asafune. Airbus A220 imayenda ndi injini ya Pratt & Whitney yokha, ndipo Boeing 777X inakonzedwera GE9X yokha. Pa Airbus A320neo ndi pa Boeing 787 ndi pamene wogula amapatsidwa mwayi wosankha, koma kusankha kwake ndi pakati pa awiri.

Tisafulumire kunena kuti anthuwa anangopangana kutsekera anzao khomo. Ntchito yeniyeniyo ndiyo yovuta. M'kati mwa injini mpweya woyaka umatentha kuposa mlingo umene chitsulo cha timapiko tozungulira m'menemo chingasungunuke, ndipo timapikoto timapulumuka chifukwa timaumbidwa mwaluso lapadera, n'kuboola timabowo tating'onoting'ono todutsa mpweya wozizirirako. Kukonza injini yatsopano kumadya zaka zambiri ndi madola mabiliyoni, wopangayo asanalandire ndi tambala yomwe.

Amene akukayika akumbukire zimene zinaonekera Rolls-Royce. M'chaka cha 1968 kampaniyi inalonjeza kupangira Lockheed injini ya RB211 ya ndege ya TriStar, pa mtengo wokhazikika umene sukanasinthika. Inadalira timapiko ta mtundu watsopano totchedwa Hyfil, topepuka kuposa chitsulo. Koma poyesa, ataponyera mbalame m'injinimo monga amachitira pofuna kuona ngati ingapirire ngozi ya mlengalenga, timapikoto tinaphwanyika. Ndalama zinatha ntchito isanathe, ndipo pa 4 February 1971 kampani imene inali ulemerero wa Britain inagwa. Boma la Edward Heath, limene silinkakonda konse kuti boma lizichita malonda, linakakamizika kuitenga, ndipo inakhala m'manja mwa boma mpaka 1987. Lockheed nayo inatsala pang'ono kumira. Inapulumuka Nyumba ya Malamulo ya America itavomereza kuikira kumbuyo ngongole ya madola 250 miliyoni. Ngakhale CFM, imene lero ikulamulira msika wa ndege zapakatikati, inakhala zaka zisanu yopanda wogula, mpaka 1979 pamene makampani ena anasankha CFM56 kuti ilowe m'malo mwa injini zakale za ndege za DC-8. Injini yomweyo ndiyo inadzagulidwa zoposa 30,000. Msika wotere woulowa ayenera kukhala ndi boma lolemera kumbuyo kwake, ndi mtima wodikira.

Koma pali chinthu china chimene owerenga ayenera kuchimvetsa, chifukwa ndicho chimake cha nkhani yonse. Opanga injini sapeza phindu lao pa tsiku logulitsa. Kawirikawiri injini yatsopano amaigulitsa motsitsa kwambiri, mwina mpaka kuluza. Phindu limabwera pambuyo, m'zaka makumi awiri kapena atatu zimene injiniyo idzakhala ikufuna zipangizo zosinthira ndi kuphwasulidwa kuti ikonzedwe. Ziri ngati munthu amene wakugulitsa chigayo pa mtengo wozizira, koma malamba, nyundo ndi sefa uzigula kwa iye yekha, pa mtengo umene iye adzanene, kufikira chigayocho chidzathe. Njira ina ndi yolipira pa ola lirilonse limene injini yauluka, wopanga n'kumasamala zokonza zonse. Njira imeneyi ndi yabwino kwa onse pamene ndege zikuuluka. Zitaima m'chaka cha 2020 chifukwa cha mliri wa Covid-19, ndalama za Rolls-Royce zinaphwa, ndipo kampaniyo inalengeza kuti ichotsa anthu 9,000 pa ntchito.

Tifike tsopano pa bala lenileni. M'chaka cha 2016 injini ziwiri zatsopano zinayamba kunyamula anthu, LEAP ya CFM ndi PW1100G ya Pratt & Whitney. Yachiwiriyi inabwera ndi nzeru yoika magiya pakati pa chokupizira chachikulu cha kutsogolo ndi mbali ya m'kati, kuti chirichonse chizizungulira pa liwiro loyenera. Zonse ziwiri zinalonjeza kupulumutsa mafuta pafupifupi 15 pa 100 aliyense, ndipo lonjezolo zinalisunga. Popeza mafuta ndi amene amadya gawo lalikulu la ndalama za kampani ya ndege, onse anathamangira kukalembetsa. Koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mu July 2023, RTX, imene ndi mwini wa Pratt & Whitney, inaulula kuti ufa wa chitsulo umene anaumbira zipangizo zina za m'kati unali ndi zitsotso zimene zikanatha kuyambitsa ming'alu. Mu September chaka chomwecho inanena kuti injini 600 mpaka 700 ziyenera kumasulidwa pa ndege pofika 2026, kuti kukonza imodzi kungatenge masiku mpaka 300 m'malo mwa 60, ndi kuti vutoli liiwonongetsa madola pafupifupi 3 biliyoni. Ndege mazanamazana, zatsopano, zopakidwa utoto wonyezimira, zinandandalikidwa pa mabwalo zopanda injini.

Ngakhale ufawo usanadziwike, madandaulo analipo kale. Kampani ya Go First ya ku India inaleka kuuluka mu May 2023, ndipo inaloza chala injini za Pratt & Whitney, ngakhale kuti opangawo anakana kuti ndiwo anaigwetsa. Air Tanzania inaimika zina mwa ndege zake za A220 m'chaka cha 2022 chifukwa cha mavuto a injini za banja lomweli. EgyptAir inagulitsa ndege zake zonse 12 za A220 m'chaka cha 2024, zisanakalambe n'komwe. Ndipo wina asaganize kuti tikutola Pratt & Whitney yokha. Trent 1000 ya Rolls-Royce inagoneka pansi ndege za Boeing 787 za All Nippon Airways, Air New Zealand, Virgin Atlantic ndi ena kuyambira 2016, ndipo kampaniyo inawerengera kuti iwononga mapaundi 2.4 biliyoni pokonza. LEAP nayo yapezeka kuti imatha msanga kumaiko otentha ndi afumbi, kotero kuti eni ake achita kukonzanso zipangizo zina.

Sitikudzudzula opanga injini chifukwa choitanitsa injini zokayikitsa. Pamenepo anachita bwino. Ndi bwino ndege igone pa bwalo kusiyana ndi kuti injini iphulike anthu ali m'mwamba, ndipo kunena zoona injini za masiku ano sizizima wamba monga zinkachitira za makedzana. Funso lathu ndi lakuti, pamene injini zadwala zonse nthawi imodzi ndipo malo okonzera adzaza, ndani amaima kutsogolo kwa mzere, nanga ndani amaima kumbuyo?

Yankho lake n'losabisika. Kampani ya ndege mazana atatu ikadandaula, wopanga amatumiza akuluakulu ake kukapepesa, amapereka chipepeso, amafunafuna injini yobwereketsa. Kampani ya ndege zitatu imalemba kalata n'kumadikira. Chonsecho yaikuluyo ikaimika ndege khumi, apaulendo sazindikira n'komwe, pamene yaing'onoyo ikaimika imodzi ndiye kuti yadula mwendo: maulendo athetsedwa, odwala opita kuchipatala chakunja asowa chokwera, amalonda athawira ku makampani akunja, pamene ngongole ya ndege yoimayo ikulipiridwabe mwezi ndi mwezi. Pa makampani aboma, ngongoleyo mathero ake imagwera wokhoma msonkho amene sanakwerepo ndege chibadwire.

Ife kuno sitiri kutali ndi msikawu monga ena angaganizire. VC10 imene Air Malawi inkapita nayo ku London m'zaka za m'ma 1970 inkayenda ndi injini zinayi za Rolls-Royce Conway, BAC One-Eleven inali ndi Rolls-Royce Spey, ndipo zambiri mwa ndege za Boeing 737 zimene zakhala zikunyamula mbendera yathu kuyambira 1991 zadalira injini za CFM. Palibe tsiku limene ndege yathu inanyamuka popanda chilolezo chachinunu cha mmodzi mwa makampani amenewa.

Alipo amene akamva zotere amafuula kuti Africa ipange injini yakeyake. Mau okoma, koma tiyeni tiyang'ane amene ayesa. China, ndi chuma chake chonse, inakhazikitsa kampani yaboma ya injini ya AECC m'chaka cha 2016, komabe ndege yake ya C919 inayamba kunyamula anthu mu 2023 ndi injini za CFM, ndipo m'chaka cha 2025 boma la America linaimitsa kwa masabata angapo zilolezo zotumizira injinizo pa nthawi ya mkangano wa malonda. Russia, imene yakhala ikupanga injini za ndege kuyambira nthawi ya Soviet Union, inatsekeredwa zipangizo m'chaka cha 2022 itaukira Ukraine, ndipo ndege yake ya MC-21 inachedwa zaka zambiri. Ngati njovu zikupunthwa pa chitunda chimenechi, si ife amene tingachidumphe mawa. Zimenezi zikutiphunzitsanso kuti injini si katundu wamba. Imasanduka chikwapu cha ndale tsiku limene maiko akulu ayambana.

Chimene chiri m'manja mwathu ndi kukonza. Apa ndi pamene pali ndalama, ndipo apa ndi pamene pali mzere umene ukutizunza. Ethiopian Airlines inamanga malo ake okonzera ndege ku Addis Ababa ndipo imaphwasula ndi kukonza injini za CFM56. Ku Casablanca m'dziko la Morocco kuli malo a Safran okonzera injini kuyambira 1999. Malo awiri kapena atatu pa kontinenti yonse ndi ochepa, koma akuonetsa kuti mwana wa kuno akaphunzitsidwa bwino angathe kugwira ntchito imeneyi monga wa ku Derby. Khomo nalo linatsegukako. Bungwe la makampani a ndege la IATA litadandaula ku European Commission, CFM inasaina pangano m'chaka cha 2018 lolola kuti okonza ena odziimira paokha azipikisana nawo pa ntchito yokonza injini zake popanda kulanga wogula. Pangano lotere liyenera kufunsidwa kwa wopanga aliyense, ndipo maboma athu asachite manyazi kulifunsa.

Tikupemphanso nduna ndi akuluakulu amene amasaina mapangano ogula kapena kubwereka ndege kuti asamangoyang'ana mipando ndi utoto. Pangano la injini ndilo lofunika kuliwerenga mzere ndi mzere, pamodzi ndi mainjiniya, osati ndi maloya okha. Kodi injini ikamasulidwa isanakwane nthawi yake, alipira ndani? Yobwereka idzafika pa masiku angati? Kodi maola amene akulonjezawo anayesedwa kuti, ku mphepo yozizira ya kumpoto kapena m'fumbi ndi kutentha kwa October? Nthawi zina ndege yakale pang'ono, ya injini imene amakaniko ambiri akuidziwa ndipo zipangizo zake zimapezeka, ingatumikire kampani yaing'ono bwino kuposa yatsopano yopulumutsa mafuta imene ingakhale miyezi isanu ndi umodzi pansi. Ndege yoima sipulumutsa mafuta a munthu aliyense.

Mafunso amenewa afunika msanga, pakuti mpikisano wina wayamba kale. M'chaka cha 2021 CFM inalengeza ntchito ya RISE, injini ya chokupizira chapoyera chopanda mgolo, imene akuti idzapulumutsa mafuta 20 pa 100 aliyense, ndipo Rolls-Royce, imene inachoka pa msika wa ndege zapakatikati mu 2012, yanena kuti ikufuna kubwerera. Malonjezo adzakhalanso okoma. Tikumbuke kuti pa chionetsero cha ndege cha ku Dubai mu 2023, mkulu wa Emirates, Tim Clark, anakana poyera kugula Airbus A350-1000 ponena kuti injini yake sikhalitsa mu mchenga ndi kutentha, ndipo Rolls-Royce inadzaika mapaundi 1 biliyoni pa ntchito yolimbitsa injini zake za Trent. Emirates inamveka chifukwa imagula ndege zambirimbiri nthawi imodzi. Makampani a mu Africa ali ndi bungwe lao la AFRAA ku Nairobi, ndipo kupyolera m'bungwelo ena a iwo aphunzira kale kugulira mafuta pamodzi kuti mtengo utsike. Tikufuna kuona bungwelo likusonkhanitsa mamembala ake kuti akhale ndi nkhokwe imodzi ya injini zobwerekana, ndi kuti pokakambirana ndi CFM, Pratt & Whitney, GE kapena Rolls-Royce za mtengo wokonzera ndi malo pa mzere, azipita ndi chiwerengero cha ndege zao zonse pa pepala limodzi.