Mabokosi anayi a masipika pa gitala imodzi, zachiyani?

Loweruka lina mwezi wathawu ndidali ku ukwati wa msuweni wanga patauni ina yaing'ono. Bandi idafika m'mawa ndi kalole kodzaza zida, ndipo mnyamata wa gitala adasanja mabokosi anayi a masipika kumbuyo kwake, awiri pansi awiri pamwamba, onse olumikizidwa ku ampulifaya imodzi. Anthu adayamba kuomba m'manja nyimbo isadayambe n'komwe.

Perekaniperekani atafika pakolemera, muholo mudamveka fungo la mawaya opsa, gitala n'kungoti zii. Akwati adamaliza mwambo akuvina nyimbo za pafoni.

Woyendetsa mwambo adati ndi magetsi. Ena kumbuyo adayamba kunong'ona za ufiti, monga mwa masiku onse. Ine ndidapita kukasuzumira kuseri kwa ampulifayayo. Pomwe pamalowa waya wa sipika padalembedwa kuti isatsike pa 4 ohms, ndipo bokosi lililonse lidali la 8 ohms. Mfiti yake idali imeneyo.

Nkhani ya ma ohm ndi yosavuta, kungoti masamu ake amayenda chobwerera. Mukalumikiza mabokosi awiri a 8 ohms mwa njira yomwe ambiri timaidziwa, yongolowetsa waya wina m'bowo lachiwiri, ampulifaya imaona 4 ohms. Mukaika anayi, imaona 2 ohms. Nambala ikamatsika, magetsi omwe masipika akukoka ku ampulifaya amachuluka, ndipo iyo imatentha. Zili ngati kumangirira ngolo zinayi pa ng'ombe zomwe zidazolowera ngolo ziwiri. Zikoka ndithu kwa kanthawi, koma sizikafika kumsika.

Tsono maganizo anga ndi akuti kwa bandi ya kutchalitchi, ya maukwati kapena ya pabala, bokosi limodzi labwino ndi lokwanira gitala. Lachiwiri lizibwera pokhapokha pali chifukwa chenicheni, ndipo munthu atawerenga kaye zolembedwa kuseri kuja.

Ndikudziwa zomwe anyamata anganene: mabokosi ambiri ndiye phokoso lambiri. Lambiri bwanji? Kuti khutu limve kuti phokoso lawirikiza kawiri, pamafunika mphamvu yochuluka pafupifupi kakhumi. Ampulifaya ya ma watt 100 imangoposa pang'ono ya ma watt 50. Bokosi lachiwiri nalo limawonjezera pang'ono chabe, pomwe ndalama yogulira, malo pagalimoto ndi msana wa wonyamula zawirikiza.

Kusanjikiza mabokosi kudayambira kutali. M'chaka cha 1965, Pete Townshend wa gulu la The Who ku England adapempha Jim Marshall kuti ampangire ampulifaya ya ma watt 100 ndi chibokosi cha masipika 8. Chibokosicho chidalemera zedi, mpaka adachigawa pawiri, masipika 4 uku 4 uku, n'kusanjikiza. Iwo adali ndi chifukwa. Masiku amenewo zimkuzamawu za m'maholo zidali zofooka ndipo zinkanyamula mawu a woimba okha, choncho gitala imayenera kudzifikira yokha kwa munthu wa kumapeto. Lero oimba akuluakulu amaika maikolofoni kutsogolo kwa sipika imodzi, mawu n'kudzera m'zimkuzamawu za aliyense. Ena mwa makoma a mabokosi omwe timawaona pakanema ndi ongokongoletsera, m'kati mulibe kanthu. Ife tikutengera chithunzi, ntchito yake idatha kale.

Chomwe chimandiwawa kwambiri ndi ichi. Sipika ya gitala imaponya mawu akuthwa molunjika kutsogolo, ngati tochi. Woimba amaima pambali, bokosi lili pansi likuimbira mawondo ake, ndiye sadzimva bwino. Amakweza. Sadzimvabe, n'kupita kukabwereka bokosi lina. Pomwe iye akuti tsopano zayamba kumveka, amayi ndi ana omwe akhala pamkeka kutsogolo makutu akulira. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lidatulutsa malangizo mu 2022 akuti phokoso m'malo azisangalalo lisapitirire ma decibel 100, ndipo khutu likaonongeka ndi phokoso silibwereranso mwakale. Mwana wa pamsana sangathe kunena kuti chepetsani.

Mankhwala ake ndi aulere: kwezani bokosilo pampando kapena lipendekeni kuti liloze kumutu kwa woimba. Mudzaona yekha akuchepetsa.

Sindikukana kuti pali malo omwe bokosi lachiwiri limathandiza. Pabwalo la sukulu kapena pamsonkhano wa panja, pomwe palibe makoma obweza mawu komanso palibe zimkuzamawu zokwanira, mabokosi awiri oloza mbali zosiyana amafalitsa mawu bwino. Awiri a 8 ohms pa ampulifaya yolola 4 ohms palibe vuto. Koma ngati yanu ndi ya mavalavu, zija zimayaka timababu m'kati, samalani koposa: sunthani kabatani ka kuseri kagwirizane ndi ma ohm a mabokosi, ndipo musaiyatse popanda sipika. Komanso, poti tafika pano, waya wa gitala si waya wa sipika ngakhale mitu yake ikufanana. Wa gitala ndi wopyapyala m'kati ndipo umatentha ukanyamula mphamvu ya ampulifaya.

Makomiti a kwaya ndi mipingo, ndalama zomwe mumagulira zidazi ndi za chopereka cha amayi ogulitsa tomato ndi mandasi. Mnyamata wa gitala akadzabwera kuti tigule bokosi lina, mufunseni kuti ampulifaya imalola ma ohm angati. Akayamba kukanda m'mutu, ndalamazo mugulire maikolofoni ndi waya wabwino.

Msuweni wanga uja adalipira bandi ndalama zonse asadaimbe, ndipo mpaka lero akukanganabe kuti ambwezere theka. Ampulifaya ili kwa amisiri, ati zida zake akadikire wina wopita ku Johannesburg.